Mafunso a Owerenga: Kodi Mwana Wanga Angamangidwe ku Botswana?

Mwezi uno talandira makalata anayi ofunsa za dziko limodzi, Botswana, komanso za nkhani imene ambiri amaikamba monong'ona. Nkhaniyi ndi ya amuna okondana ndi amuna anzawo, akazi okondana ndi akazi anzawo, ndiponso anthu amene anabadwa ndi thupi lachimuna koma mumtima amadzidziwa kuti ndi akazi, kapena anabadwa ndi thupi lachikazi koma amadzidziwa kuti ndi amuna. Makalatawa tawafupikitsa, ndipo mayina a eni ake tawabisa monga anapemphera.

FUNSO: Zikomo alangizi. Mwana wanga wamwamuna wazaka 29 amakonza magalimoto ku Gaborone. Atabwera kudzationa, usiku woti mawa abwerera anandiitanira kuseri kwa nyumba n'kundiuza kuti mnzake amene amakhala naye nyumba imodzi si mnzake wamba, koma wokondedwa wake. Ankalankhula maso ali pansi, akupotokola makiyi m'manja, mawu akunjenjemera. Chiyambire tsikulo tulo sindiluona, ndipo foni ikalira usiku mtima umangoti myuu poganiza kuti amugwira. Kodi angamangidwe kapena kuchotsedwa ntchito? Ndine mayi wodera nkhawa.

YANKHO: Mayi, ndiyambe ndi chimene chikukusowetsani tulo. Malinga ndi malamulo a ku Botswana, mwana wanu sangamangidwe chifukwa chokondana ndi mwamuna mnzake, malinga ngati onse awiri ndi achikulire, agwirizana popanda wokakamiza mnzake, ndipo za kuchipinda zikuthera kuchipinda. Msinkhu umene lamulo la kumeneko limalola munthu kugonana ndi zaka 18, ndipo kugwirira kapena kugona ndi mwana ndi mlandu waukulu kwa wina aliyense, kaya akhale wotani.

Mantha anu ali ndi pochokera, chifukwa si kale pamene zinthu zinali zina. Buku la milandu ndi zilango la dzikolo linalembedwa mu 1964, dzikolo likutchedwa Bechuanaland ndipo lili m'manja mwa Britain, kutatsala zaka ziwiri kuti lilandire ufulu wodzilamulira. Gawo 164 la bukuli linkaletsa chimene linkachitcha kugonana kosemphana ndi chilengedwe, ndipo chilango chake chinkafika zaka 7 m'ndende. Gawo 165 linkalanga wongoyesa chabe, mpaka zaka 5, pomwe gawo 167 linkaletsa mchitidwe wolaula kaya wachitikira poyera kapena mobisika. Mu 1998 Nyumba ya Malamulo inakonza mawu a magawowa kuti akhudzenso akazi. Ndipo mu 2003, pa mlandu wa bambo wina dzina lake Kanane, bwalo la apilo, lomwe ndi lalikulu kuposa onse m'dzikolo, linanena kuti nthawi yothetsa malamulowa inali isanakwane chifukwa maganizo a anthu anali asanasinthe.

Patapita zaka 16 nthawiyo inakwana. Mnyamata wina wophunzira pa yunivesite ya Botswana, Letsweletse Motshidiemang, anakasuma kubwalo lalikulu la milandu ponena kuti lamuloli linkamuchititsa kukhala ngati chigawenga m'dziko lake lomwe, pomwe sanalakwire munthu. Pa 11 Juni 2019 oweruza atatu anagwirizana naye onse, ndipo chigamulo chinalembedwa ndi woweruza Michael Leburu. Bwalolo linathetsa mbali za gawo 164 zokhudza anthu awiri ogwirizana, linathetsa gawo 165, ndipo linalamula kuti mawu onena za zochitika mobisika achotsedwe m'gawo 167. Zifukwa zake zinali zinayi zolukanalukana: ufulu wa munthu wosankha womukonda, ufulu woti boma lisasuzumire m'chipinda chake, ulemu wake ngati munthu, ndiponso ufulu wosasalidwa. Oweruzawo anamvanso umboni wosonyeza kuti anthu oopa kumangidwa amazemba kuchipatala, samuuza dokotala zoona, ndipo amachedwa kuyezetsa magazi, chinthu choopsa kwambiri m'dziko limene pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa asanu alionse anali ndi kachilombo ka HIV pa nthawiyo. Boma silinakhutire, linachita apilo, koma pa 29 Novembala 2021 oweruza asanu a bwalo la apilo, motsogozedwa ndi Ian Kirby, anakana apiloyo onse mogwirizana. Pamwamba pa bwalo limeneli palibenso lina, kotero wapolisi amene angagwire mwana wanu pa magawo amenewa ndiye amene angakhale akuphwanya lamulo.

Chimene chinatha ndi chigamulochi si kumangidwa kokha. Anthu ambiri otere sankafika n'komwe kukhoti, koma ankadyeredwa ndalama ndi anthu owaopseza kuti akawanenera kupolisi. Lero munthu woopseza mwana wanu motero ndiye wolakwa, ndipo mwana wanu ali ndi ufulu wonse wokamudandaulira.

Pa nkhani ya ntchito, lamulo linamuteteza ngakhale makhoti asanagamule. Mu 2010 dzikolo linakonza lamulo lake la ntchito n'kuletsa olemba ntchito kuchotsa munthu chifukwa cha amene amakondana naye kapena chifukwa cha matenda amene ali nawo. Komabe ndikuuzeni zoona, mayi, bwana wofuna kuchotsa munthu pa chifukwa chimenechi salemba choncho m'kalata. Amanamizira kuchedwa, kuchepa kwa makasitomala kapena sipanala imene yasowa. N'chifukwa chake mwana wanu asunge bwino kalata yomulembera ntchito, mapepala a malipiro, makalata omuchenjeza ngati alipo, komanso mauthenga a pafoni amene wina wamunyozamo. Zikavuta apite msanga ku ofesi ya zantchito, chifukwa nthawi yodandaulira ndi yoikika ndipo ndi yaifupi, ndipo zikakanika kumeneko nkhani imapita kubwalo loweruza milandu ya ntchito. Popeza iye ndi mlendo, chilolezo chake chogwirira ntchito chimadalira bwana amene anamulemba, kotero kuchotsedwa kungamupweteke kawiri. Mabungwe a ku Botswana monga LEGABIBO, lomenyera ufulu wa anthu ngati mwana wanuyo, ndi BONELA, loona za malamulo ndi matenda a Edzi, amathandiza anthu pa nkhani zoterezi, ndipo ndi bwino awadziwe mavuto asanafike.

Chenjezo limodzi lokha: chitetezo chonsechi chimathera pachipata cha dziko la Botswana. Kuno ku Malawi gawo 153 la buku lathu la milandu likugwirabe ntchito, chilango chake chimafika zaka 14, ndipo mu Juni 2024 bwalo lotanthauzira malamulo oyendetsera dziko linakana kulithetsa. Akamabwera kudzakuonani azidziwa zimenezi, ndipo inu musaulule nkhani yake kwa munthu amene iye mwini sanavomere. Simunandifunse za mtima wanu, koma ndiloleni ndinene kuti mwana amene amanjenjemera pouza mayi ake chinsinsi chotere amakhala atachisenza yekha zaka zambiri, ndipo pobwerera amakhala akudikira kuti amve ngati akadali mwana wa pakhomopo. Muimbireni foni, ngakhale mungomufunsa za ntchito ndi za thanzi lake.

FUNSO: Ine ndine mkulu wa mpingo, ndipo ndinagwirapo ntchito ku Botswana zaka zingapo. Anthu a kumeneko ndi opemphera ndipo ambiri zimenezi sagwirizana nazo. Zitheka bwanji kuti oweruza owerengeka, osasankhidwa ndi anthu, athetse lamulo limene aphungu anapanga? Kodi si mayiko a azungu amene akukakamiza timayiko tating'ono ngati timeneti?

YANKHO: Bambo, funso lanu ndi lolemera, ndipo loya wa boma la Botswana anatsutsa ndi mfundo yomweyo pa apilo, kuti kusintha lamulo ndi ntchito ya Nyumba ya Malamulo osati ya makhoti. Yankho la oweruza linali lakuti malamulo oyendetsera dziko ali pamwamba pa aphungu, ndipo lamulo lililonse losemphana nawo limagwa, kaya likondedwe ndi anthu ochuluka motani. Ufulu wolembedwa m'malamulo amenewo unaikidwa makamaka chifukwa cha anthu ochepa, poti ochuluka amadziteteza okha ndi mavoti awo.

Njira imeneyi sinayambe ndi nkhani ya amuna kapena akazi okhaokha. Mu 1992 mayi wina wa ku Botswana, Unity Dow, amene anakwatiwa ndi mwamuna wa ku America, anapambana mlandu wotsutsa lamulo loletsa mkazi wokwatiwa ndi mlendo kupatsira ana ake unzika, pomwe mwamuna wokwatira mlendo ankaloledwa. Boma linati gawo loletsa tsankho silinatchule za kukhala mwamuna kapena mkazi, komanso kuti mwambo wa dzikolo umatsata kuchimuna. Bwalo la apilo linayankha kuti malamulo oyendetsera dziko sawerengedwa mopanikiza ngati mndandanda wa katundu, koma mokomera ufulu wa munthu. Mfundo imene inapulumutsa ana a mayi Dow ndi yomweyo imene oweruza a 2019 anaitsatira ponena kuti kuletsa tsankho pakati pa amuna ndi akazi kumaphatikizaponso kuletsa kusala munthu chifukwa cha amene amakondana naye. Pakati pa milandu iwiriyi panali wina wa bungwe la LEGABIBO, limene boma linakana kulilembetsa mu 2012. Thuto Rammoge ndi anzake anakasuma, anapambana mu Novembala 2014, ndipo bwalo la apilo linatsimikiza mu Malichi 2016 kuti nzika zili ndi ufulu wosonkhana n'kupempha mwamtendere kuti lamulo lisinthe, ngakhale lamulo limene akulitsutsalo likadalipo.

Za azungu, mbiri ikunena zosiyana ndi zimene ambiri timaganiza. Chimene chinabwera ndi atsamunda ndi lamulo lomanga anthulo, ndipo mawu ake amafanana m'mayiko ambiri amene Britain inalamulira chifukwa anachokera m'mabuku amodzimodzi. Amene anakasuma ku Gaborone ndi mwana wa m'dzikolo, ndipo anaweruza ndi makhoti a m'dzikolo. Mayiko ena aang'ono anadzera njira zawozawo. Ku Seychelles aphungu eni ake ndiwo anachotsa lamuloli mu 2016, ku Belize linathetsedwa ndi khoti chaka chomwecho pa mlandu wa Caleb Orozco, ndipo ku Mauritius bwalo lalikulu linathetsa mu Okutobala 2023 mbali ya gawo 250 la buku la milandu la 1838 yokhudza amuna achikulire ogwirizana.

Mipingo ya ku Botswana sinalandidwe mawu. Mu 2023, boma litabweretsa bilu yofuna kufafaniza magawo aja m'buku, Akhristu ambiri anaguba m'misewu kutsutsa, ndipo bilu ija inaimitsidwa. Mbusa akhoza kulalikira chimene amakhulupirira, ndipo palibe chigamulo chomukakamiza kudalitsa chimene mpingo wake sulola. Chimene chinasintha n'chakuti boma linaleka kugwiritsa ntchito unyolo ndi ndende pa nkhaniyi. Ine maganizo anga ndi akuti oweruza analondola, chifukwa si tchimo lililonse limene mpingo umadzudzula limene liyenera kukhala mlandu wa kupolisi. Chigololo mumachidzudzula Lamulungu lililonse, koma buku la milandu la Botswana silitsekera munthu m'ndende chifukwa cha chigololo, ndipo palibe amene amati potero boma lavomereza chigololo.

FUNSO: Amene ananditsatira kubadwa anabadwa mkazi, koma chiyambire ali wamng'ono ankakana madiresi ndipo ankati iye ndi mnyamata. Pano ali ku Francistown, amalandira mankhwala kwa dokotala, mawu anakula ndipo ndevu zinamera. Tsiku lina pa rodibuloko apolisi anamutsitsa m'basi n'kumusunga nthawi yaitali chifukwa pasipoti yake imati ndi mkazi, mpaka basi inamusiya. Ndamva kuti ku Botswana amasintha ziphaso. Kodi n'zoona? Ine ndine mwamuna, ndipo sindidziwanso ngati ndizimutchula kuti mlongo wanga kapena mng'ono wanga.

YANKHO: Achimwene, zimene munamvazo n'zoona, koma zili ndi malire amene m'bale wanuyo ayenera kuwadziwa. Mu Seputembala 2017 bwalo lalikulu linaweruza mlandu wa munthu amene m'mabuku a khoti amangotchedwa ND pofuna kumuteteza. Iyeyu anabadwa ndi thupi lachikazi koma ankakhala ngati mwamuna, ndipo kwa zaka zambiri ofesi yolembetsa nzika inkakana kusintha chilembo cha pa chiphaso chake cha unzika, chimene kumeneko amachitcha Omang. Woweruza Nthomiwa Nthomiwa anagamula kuti kukanako kunaphwanya ulemu wake, chinsinsi chake, ufulu wake wodzionetsa monga alili, ndiponso ufulu wake wotetezedwa ndi lamulo mofanana ndi ena, ndipo analamula kuti apatsidwe chiphaso chonena kuti ndi mwamuna. Mu Disembala chaka chomwecho Tshepo Ricki Kgositau, amene anabadwa ndi thupi lachimuna, naye anapambana n'kulembedwa kuti ndi mkazi.

Chifukwa chimene makhoti anaonera nkhaniyi kukhala yaikulu ndi chomwe chinachitikira m'bale wanu pa rodibuloko paja. Chiphaso ntchito yake ndi kutsimikiza kuti amene wachinyamula ndi mwini wake. Chikamanena zosiyana ndi nkhope ya mwini wakeyo chimasanduka chomuneneza, ndipo kubanki, kuchipatala, pofunsira ntchito ngakhale polandira katundu, munthu amakakamizika kufotokoza za m'thupi mwake kwa mlendo pamaso pa anthu a pamzere. Ena amamuganizira kuti waba chiphaso cha mlongo wake, ena amaitana anzawo kuti adzaone.

Malire ake ndi awiri. Oyamba ndi akuti onse awiri anapambana kudzera kukhoti, aliyense ndi mlandu wake, maloya ake ndi makalata a madokotala, zomwe zimadya nthawi ndi ndalama. N'zosiyana ndi dziko la Malta, laling'ono kwambiri kuposa Botswana, limene mu 2015 linakhazikitsa lamulo lolola munthu wamkulu kusintha ziphaso zake pongolumbira pamaso pa wovomerezeka ndi boma, popanda kukakamizidwa opaleshoni. Malire achiwiri ndiwo akukhudza inu mwachindunji. Omang ndi ya nzika za Botswana zokha, ndipo pasipoti imasinthidwa ndi dziko limene linaipereka. Khoti la ku Francistown kapena ku Gaborone silingalamule boma la dziko lina kusintha pasipoti, ndipo chilolezo chokhalira m'dzikomo chimatsata zimene pasipotiyo ikunena.

Chimene angachite ndi kuchepetsa mpata wa chikayikiro. Chithunzi cha pa pasipoti ndi pa chilolezo chifanane ndi mmene akuonekera lero, ndipo aziyenda ndi kalata yodindidwa ya dokotala wake yofotokoza mwachidule kuti mwini pasipotiyi akulandira chithandizo chimene chasintha maonekedwe ake. Akaimitsidwa apereke kalatayo modekha, apemphe kulankhula ndi wamkulu wa apolisiwo pambali, ndipo asalole kuvulidwa pagulu pofuna kutsimikiza kuti ndi ndani. Akachitidwa chipongwe alembe tsiku, malo, nthawi ndi nambala ya galimoto ya apolisi, kenako akaonane ndi loya kapena limodzi la mabungwe ndatchula aja, chifukwa ulemu umene makhoti anaunena pa mlandu wa ND ndi wa munthu aliyense amene ali m'dzikomo, osati nzika zokha.

Funso lanu lomaliza silili m'buku la malamulo, koma landikhudza kuposa enawo. Chichewa chathu sichisiyanitsa mwamuna ndi mkazi tikamati iye, koma chimasiyanitsa pa ubale, ndipo mawu akuti mlongo kapena mng'ono amaulula zonse. Mufunseni mwini wake mawu amene amamva nawo bwino. Ngati pakamwa panu pakulemera kunena kuti mng'ono wanga, yambani ndi m'bale wanga, poti mawu amenewo ndi oona mbali zonse ndipo samubaya.

FUNSO: Ndine mayi ndipo ndakhala ndi mnzanga wamkazi ku Botswana zaka 11. Tinagula galimoto ndi katundu wa m'nyumba limodzi, koma zambiri zili m'dzina lake. Popeza lamulo linasintha, kodi tingakwatirane? Nanga mmodzi atamwalira, wotsalayo zimuthera bwanji?

YANKHO: Achemwali, chigamulo cha 2019 ndi cha 2021 chinachotsa mlandu, koma sichinakhudze ukwati. Lamulo la maukwati la Botswana silizindikira ukwati wa akazi okhaokha kapena amuna okhaokha, ndipo ngakhale mutakamangitsa ku South Africa, kumene amalola chiyambire 2006, setifiketiyo sikupatsani ufulu wa mkazi wapabanja mukabwerera. Tanthauzo lake n'lakuti mnzanuyo atamwalira osasiya wilo, lamulo lidzayang'ana ana ake, makolo ake ndi abale ake, ndipo inu mudzaoneka ngati munthu wongokhala nawo m'nyumba, ngakhale theka la ndalama ya galimotoyo linachokera m'thumba mwanu.

Zimene ukwati ukanakuchitirani pakamodzi muyenera kuzimanga nokha ndi mapepala. Aliyense wa inu alembe wilo kwa loya, yosainidwa pamaso pa mboni zimene sizidzalandira kanthu pa chumacho. Katundu wamkulu alembedwe m'mayina onse awiri pamene n'zotheka, ndipo pamene sizingatheke mulemberane pangano losonyeza ndalama zimene aliyense anaikapo, n'kusunga malisiti ndi mapepala a kubanki. Pa inshulansi ya moyo ndi ya maliro, komanso pa penshoni, lembanani mayina pa fomu ya odzalandira, ndipo funsani a thumba la penshonilo malamulo awo, chifukwa ena amaika patsogolo ana ndi ena odalira womwalirayo. Kuchipatala aliyense alembetse mnzake ngati munthu woyamba kuimbiridwa zinthu zikavuta. Makope a mapepala onsewa asakhale m'nyumba mokha, ena akhale kwa loya, chifukwa pa tsiku la maliro sutikesi ya mapepala ndi imene imayamba kusowa.